Tsache la M'mawa ndi Chuma cha Mwana

Ku Kasina m'boma la Dedza, mwezi wa Juni, tsache limayamba kulira dzuwa lisanatuluke. Mame amakhala atagwira udzu, utsi wa m'makhitchini ukuyenda chapansipansi ngati nawonso ukumva chisanu, ndipo mayi amene wadzikulunga zitenje ziwiri akusesa kuyambira kuchipinda, pabalaza, pakhonde mpaka pabwalo. Chilichonse chimene tsache lakumana nacho ulendo wake ndi wa kudzala: makoko a nzimbe, zitsononkho, tizidutswa ta waya, zitsekerero za mabotolo, kachibekete kophwanyika. Pakapita kanthawi mnyamata amadzuka, n'kuyamba kuvundukula zinthu kuseri kwa chitseko.

"Amayi, mawaya anga aja ali kuti?"

"Mawaya akenso ati? Zinyalala zija? Ndataya. Nyumba ino si dzala ayi."

Mlandu umenewu ine ndidauluza kangapo ndili mwana. Ndikukumbukirabe mateyala anayi amene ndidadula ku patapata wakutha, ndi waya wolimba amene ndidamufunafuna milungu iwiri kuti akhale chiwongolero cha galimoto yanga. Waya uja ndidakamupeza atamangira chitseko cha khola la mbuzi. Ndidalira tsiku lonse, akuluakulu akungondiseka. Pano nditakula ndimaona kuti mayi sadalakwe, popeza nyumba iyenera kusesedwa, komanso kuti kulira kwanga sikudali kwa chibwana, popeza ndidataya ntchito ya milungu iwiri. Chidasowa pakhomo paja ndi malo ogwirizana, oti tsache likafikapo libwerere.

Mukatsegula lamya lero mupeza zithunzi za nyumba za kunja zokhala ndi chipinda chonse chosewereramo ana: makoma amitundumitundu, mashelefu oyera, mabokosi olembedwa mayina. Munthu wa kwathu akaona zimenezo amangoti ndi za azungu, n'kupitirira. Sindingamutsutse. Mlendo akafika ku Kasina amayamba waona tchalitchi cha Katolika, chipatala chimene amayendetsa masisitere a Medical Missionaries of Mary, ndi nyumba imene anyamata ofuna unsembe amayambirako maphunziro awo. Zonsezo ndi nyumba za zipinda zambiri. Koma lowani m'midzi yozungulira mishoni. Nyumba zambiri ndi za zipinda ziwiri kapena zitatu, ndipo chimodzi mwa izo chimagonamo njinga, makasu, feteleza ndi mbewu. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Dedza lili ndi anthu oposa 830,000, kuti banja la Mmalawi limakhala ndi anthu anayi kapena asanu, ndiponso kuti pafupifupi theka la anthu onse m'dziko muno ndi osakwana zaka 18. Nyumba zathu ndi zodzaza ana, koma pomanga palibe amene amawerengera ana malo, kupatula pogona.

Bwalo lidachepa

Makolo athu sadavutike ndi nkhaniyi chifukwa mudzi wonse udali chipinda chosewerera. Anyamata osinkhuka adali ndi mphala yawoyawo, kumene nguli, legeni ndi misampha ya mbewa zinkapachikidwa popanda wozitaya. Atsikana ankagona kukuka kwa agogo. Akatha kukolola, ana ankakunkha chimanga chotsalira m'munda, n'kumanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi, n'kumaphika masanje mpaka dzuwa kupendeka. Phada ankangofuna kadzenje ndi timiyala, fulaye mpira ndi botolo, chibisalirano mwezi wowala. Zoseweretsa zambiri zinkabadwa m'mawa n'kufa madzulo, mawa n'kuumba zina.

Zambiri mwa izi zikadalipo, ndipo ine sindikufuna kutsekera ana m'nyumba. Mwana wa ku Dedza amene sadaumbepo ng'ombe ya dothi kudambo wamanidwa kanthu. Komabe zinthu zasintha. Minda yafika m'mphepete mwa nyumba, mabanja ambiri amanga mipanda, njinga zamoto za kabaza zimadutsa pakati pa mudzi zili pa liwiro, ndipo mphala zikutha. Ana ayambanso kukhala ndi katundu wokhalitsa: makope, makirayoni, kagalimoto kapulasitiki kogulidwa pa msika wa Chimbiya, chidole chaubweya chochokera pa kaunjika. Onjezani nyengo ya kumapiri kuno. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula imatha kugwa masiku atatu osakata, ndipo mu Juni ndi Julayi mphepo yake imabweza mwana m'nyumba dzuwa likadali m'mwamba. Masiku oterowo mwana amasewerabe. Akasowa pake, amasewerera pa thumba la ufa kapena pafupi ndi mbaula.

Malire ake ndi mphasa

Muyezo wa malo amene mwana akufuna uli kale m'nyumba mwanu: mphasa imodzi. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita awiri, ndipo pamakwana ana awiri kapena atatu ndi katundu wawo. Ubwino wa mphasa ndi woti ili ndi mathero ooneka. Mwana wa zaka zitatu samva mukamuuza kuti asamwaze zinthu, koma amamva mukamuuza kuti ng'ombe zake zisatuluke pa mphasa, chifukwa ndi khola lawo. Madzulo mphasa imakulungidwa n'kuimikidwa pakona, malo aja n'kubwerera kwa akuluakulu.

Poyala mphasayo pafunika kuganiza pang'ono. Pakhomo penipeni sipabwino, chifukwa aliyense wolowa amaponda kapena kudumpha, ndipo mlendo akagogoda mayi amakankha zonse ndi phazi chifukwa cha manyazi. Pakhale powala, pafupi ndi zenera, komanso poti mayi ali kukhitchini kapena pamtondo angathe kuponya diso. Patalikirane ndi moto ndi ndowa za madzi. Masiku opanda mphepo, khonde limaposa pabalaza. Amene akumanga nyumba yatsopano angachite bwino kuwonjezera khonde ndi njerwa zingapo m'lifupi, n'kutchinga mbali yochokera mphepo ndi kakhoma kofika m'chiuno. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi chipinda chathunthu, ndipo khonde lomwelo lidzasunga nyemba zosapuntha mvula ikadzidzimutsa. Ngati pansi ndi pa simenti, yalani thumba kapena katoni kunsi kwa mphasa m'miyezi yozizira. Simenti ya ku Dedza mu Julayi imazizira ngati mwala wa mumtsinje.

Kenako pamabwera pangano, ndipo ndilo limasunga zonse. Chimene chili pa mphasa kapena m'dengu la mwana, wamkulu sataya, sabwereketsa, satenga kukamangira khola asanapemphe. Chimene chagona pansi kunja kwa malo amenewa usiku wonse, tsache lili nacho ufulu. Panganoli limamanga mbali zonse ziwiri. Makolo ambiri amakonda theka lachiwiri lokha, ndipo mwana sachedwa kuzindikira kuti lamulo lake ndi la mbali imodzi.

Thabwa, njerwa zinayi ndi msomali

Mu 1907, dokotala wina wa ku Italy, Maria Montessori, adatsegula nyumba yosamaliramo ana m'dera la anthu osauka la San Lorenzo mumzinda wa Rome. Makolo a anawo ankapita ku ntchito, ana n'kumangoyendayenda m'nyumba zogundizana. China mwa zimene mayiyu adachita n'chosavuta mpaka kuseketsa: adachotsa mipando ndi makabati a akuluakulu, n'kuika timipando tating'ono ndi mashelefu aafupi, oti mwana atenge yekha chimene akufuna ndi kubwezera yekha. Lero sukulu zotchedwa dzina lake ndi zodula, za ana a mabwana ku Lilongwe ndi ku Blantyre, koma nzeru yake idabadwira kwa amphawi. Alezi a m'sukulu zathu za mkombaphala, zimene boma lidazikhazikitsira ndondomeko yake mu 2003, amaphunzitsidwa zofanana: kugawa malo osewerera m'makonamakona ndi kupanga zoseweretsa ndi zinthu zopezeka pamudzi.

Kunyumba zimenezi zimatheka ndi thabwa limodzi logonekedwa pa njerwa zinayi, ziwiri uku ziwiri uku. Lisapitirire m'mawondo a munthu wamkulu. Njerwazo zigone chafulati kuti thabwa lisagwe mwana akalitsamira, pakuti adzalitsamira ndithu, mwinanso kukwerapo. Pamwamba pakhale zinthu zosafuna kupanikizidwa, monga ng'ombe zadothi, mabuku ndi makope. Pambali pake pakhale madengu awiri kapena atatu.

Dengu la nsungwi ndilo ndingalisankhe poyamba. Limapitisa mpweya, choncho zinthu sizichita nkhungu nthawi ya dzinja. Ndi lopepuka, lilibe chivundikiro chopana zala, ndipo kukamwa kwake n'kotambalala moti mwana amaona zonse osakhuthula. Dengu limene latha pansi moti silingasenzenso chimanga likadali ndi zaka ziwiri zogwira ntchito imeneyi. Katoni ndi yaulere pa golosale, koma pa dothi lozira imayamwa chinyezi, chiswe n'kuipeza mlungu usanathe, ndipo mphemvu zimaikonda. Ngati mulibe china, ikhazikeni pa njerwa. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20, chodulidwa pakati ndi kupalidwa m'mphepete kuti chisacheke, chimalimba kuposa zonsezi ndipo chimatsukika. Thumba lakuya ndilo loipitsitsa: chimene mwana akufuna chimakhala pansi penipeni nthawi zonse, ndiye amakhuthula zonse kuti apeze chimodzi.

Galimoto yamawaya isalowe m'dengu. Imapindika, imakola zinzake, ndipo chiwongolero chake chachitali chimatha kubaya diso la wokwawa. Malo ake ndi msomali wa pakhoma, wokhomedwa pamene mwini wake angafikire atatambasula dzanja. Pa msomali wina pakhale chingwe cha jingo ndi mpira wachikulunga m'kathumba. Msomali ukhomedwe chopendekera m'mwamba, pamwamba pa mutu wa mwana, osati molingana ndi maso ake. Mawaya osagwiritsidwa ntchito, mphira wa chubu cha njinga ndi zitini za polishi zodikira kusanduka mateyala zikhale ndi chitini chawochawo. Amenewo ndiwo mawaya aja amathera kukhola.

Ng'ombe zadothi zili ndi mwambo wake. Zikaumbidwa ziume pamthunzi, chifukwa dzuwa lamphamvu limazing'amba, ndipo zikauma zisayandikire podontha. Mwana wofatsa amapempha kuti aziike m'phulusa lamoto kuti zilimbe ngati mbiya. Muloleni, inu mulipo.

Zochepa zimakoma

Ofufuza a pa yunivesite ya Toledo ku America adasindikiza mu 2018 zimene adapeza ataonerera ana 36 a miyezi 18 mpaka 30. Mwana aliyense ankalowetsedwa m'chipinda, ulendo wina muli zoseweretsa 4, ulendo wina 16. Pamene zidali zinayi, ana ankakhalitsa ndi choseweretsa chimodzi ndipo ankachipezera masewera ambiri osiyanasiyana. Pamene zidali 16, ankangogwira ichi n'kusiya, kugwira icho n'kusiya.

Wina aseka kuti vuto limenelo ndi la olemera, mwana wa ku Kasina zoseweretsa 16 azitenga kuti. Tawerengani kaye zimene zili kuseri kwa chitseko chanu. Zitsekerero makumi atatu, zitsononkho zovekedwa nsanza, zibekete zophikira masanje, mabatire akutha, theka la lamya yakufa, chidole chopanda mkono chimene azakhali adabwera nacho kuchokera ku Johannesburg. Kuchuluka kulipo, kungoti sikudagulidwe. Njira yake ndi kugawa pawiri: zina m'dengu, zina m'thumba lopachikidwa kudenga. Pakatha milungu iwiri kapena itatu musinthanitse. Chidole chimene chidaiwalika chimalandiridwa ngati mlendo wochokera kutali. Zotayidwa zisankhidwe mwini wake ali pomwepo. Mudzadabwa kuona kuti kagalimoto kogula kaja akulola kuti kapite, koma akukakamira kamwala kosalala kamene inu simukukaonera ntchito.

Zidole zaubweya za pa kaunjika zichapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa padzuwa zisanalowe m'dengu, ndipo maso ake apulasitiki muwakoke kuti muone ngati ali olimba.

Wokwawa ndi woyenda

Apa ndipo pofunika kudekha, chifukwa nyumba yathu siikhala ya mwana mmodzi. Chuma cha mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi msampha kwa mng'ono wake wa miyezi khumi, amene chilichonse amachiyesa ndi pakamwa. Ku America, choseweretsa cha mwana wosakwana zaka zitatu amachiyesa ndi kachitini kotambalala masentimita atatu ndi pang'ono: chikalowamo chonse, ndiye kuti chingathe kutsamwitsa. Ndi muyezo umenewo, timiyala ta phada ndi ta bawo, makobidi, zitsekerero za mabotolo apulasitiki, nyemba, mtedza ndi maso a chimanga zonse ndi zoopsa kwa wokwawa. Anamwino a chipatala chilichonse chakumudzi amadziwa nkhani ya nyemba yolowa m'mphuno, imene imafufuma ikanyowa. Choncho malo osungira akhale a misinkhu iwiri. Dengu lapansi ndi la zinthu zazikulu zimene khanda lingalume popanda vuto. Tinthu ting'onoting'ono tikhale m'chitini chotseka, pamwamba pamene wamkulu yekha angafikire, ndipo titsike khanda likagona kapena likakhala kumsana.

Mabatire asalowe m'gulu la zoseweretsa ngakhale pang'ono, ngakhale ana amawakonda chifukwa amagubuduka bwino. Aakulu a mu tochi akatha amatuluka madzi owononga khungu. Oopsa kwambiri ndi aja aphwatalala ngati kobidi, a m'mawotchi ndi m'tizidole toyaka magetsi. Kabatire kotere kakakakamira kummero kamatha kuwotcha mnofu m'maola awiri okha. Mwana akameza, thamangani naye kuchipatala, musadikire kuti muone ngati katuluke kokha. Majumbo opangira mpira nawonso asasiyidwe pofikira khanda, chifukwa likadziveka kumutu mpweya umatha.

Tsono pali chipinda chija chogona makasu. Mabanja ambiri akafuna kupezera ana malo amaganiza za icho, popeza ndicho chopanda bedi. Komatu ndimo mumakhala feteleza, mankhwala opopera mbatata ya kachewere ndi tomato, mankhwala a anankafumbwe, mankhwala a makoswe, ndi mbewu ya chimanga yogula ija yopakidwa utoto wofiirira kapena wobiriwira. Utotowo ndi chenjezo loti mbewuyo ili ndi mankhwala, koma kwa mwana ndi mikanda yokongola. Parafini wothiridwa m'botolo la zakumwa amaoneka ngati madzi. Ana ndi zinthu zimenezi asagawane chipinda. Ngati nyumba siilola, mankhwala akwere kumwamba, m'bokosi lokhoma. Botolo kapena chigubu chimene mudakhala mankhwala chisasanduke chosungiramo zoseweretsa kapena mphika wa masanje, ngakhale chitatsukidwa kangati.

Za mbaula ndinene mwachidule. Makala oyaka m'nyumba yotseka mazenera amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo mwana amafooka msanga kuposa wamkulu. Usiku wa Julayi ukazizira chotani, mbaula izimitsidwe kapena ituluke anthu asanagone, ndipo masana pakati pa iyo ndi mphasa pakhale mtunda woti mwana akagwa asaifikire. Dengu la zoseweretsa nalo likhuthulidwe ndi kukunthidwa padzuwa kamodzi pa mlungu. Mulu umene sugwedezeka ndi nyumba ya zinkhanira ndi akangaude.

Za tonse ndi za mwini

Kwathu mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pamudzi wa Achewa, pamene nyumba za mayi, ana ake aakazi ndi adzukulu zimayandikana, mphasa yoyalidwira ana awiri imadzaza asanu ndi mmodzi. Zimenezi n'zabwino. Komabe timalakwitsa pamene tikakamiza mwana kupereka chilichonse kwa aliyense wolira, n'kumutcha womana akakana. Bambo sabwereketsa wailesi yake kwa aliyense wodutsa. Dengu lalikulu likhale la onse, ndipo wobwera adziwe kuti zake zimathera pa mphasa, sizipita kwawo. Pambali pake mwana aliyense akhale ndi kachitini kapena kabokosi kakekake, kamene ngakhale mkulu wake satsegula. Ndewu zambiri za madzulo zimathera pamenepo.

Ndipo tiyang'ane bwino kuti mwana wamkazi ali nako kachitini kake. Galimoto ya mnyamata imaoneka, anthu amaiyamikira, ena mpaka kuijambula. Chuma cha mtsikana ndi zibekete, timiyala, kansalu koberekera chitsononkho, ndipo ndicho chimayamba kupita kudzala, kawirikawiri ndi tsache limene wapatsidwa iye mwini. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene dziko la Malawi lidalivomereza mu 1991, limatchula kupuma ndi kusewera ngati ufulu pa gawo 31, ndipo silisiyanitsa mnyamata ndi mtsikana. Pakhomo, ufulu umenewo umaoneka pa zinthu zazing'ono: ndani akutumidwa kumjigo pamene anzake ali pa mphasa.

Khoma nalo limabweretsa milandu. Mwana akapeza khala amajambula, ndipo khoma lopaka laimu limamuitana. Ife a ku Dedza tisafulumire kukwiya. M'mapiri a Chongoni, kufupi konkuno, muli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, ndipo UNESCO idawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Dzanja lofuna kujambula pakhoma tidalilandira kwa eni ake. Lipatseni malire basi: kachigawo ka khoma la pakhonde kozira ndi dothi lakuda, kapena kathabwa kopakidwa penti yakuda, ndi choko chimodzi.

Mwezi wa Meyi ukafika zonse zimasokonekera. Matumba a chimanga amalowa pabalaza popeza nkhokwe zapanja anthu akuziopa chifukwa cha akuba, soya ndi nyemba zimadzaza khonde, mbewu ya mbatata imayalidwa pakona pomwe padali mphasa. N'chifukwa chake sindilimbikitsa kabati ya simenti kapena shelefu yokhomera kukhoma. Thabwa, njerwa ndi dengu zimasamuka pa mphindi zisanu. Chofunika n'kumuuza mwana kumene zasamukira, ndi kusaunjika matumba motalika pafupi ndi pamene akusewera, chifukwa thumba la makilogalamu 50 likagumuka silisankha pogwera.

Mu 1990 Karen Lynn Williams, mayi wa ku America amene adakhalapo m'Malawi muno, adatulutsa kabuku ka ana kotchedwa Galimoto. Nkhani yake ndi ya Kondi, mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri amene amasunga tinthu take m'bokosi lakale la nsapato, n'kuyenda mudzi wonse kufunafuna mawaya mpaka galimoto yake itatheka. Kabukuka kakuwerengedwabe m'sukulu za kunja, kumene ana amasirira zimene ife timasesa. Ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ankatola zitsulo zotayidwa n'kumaziunjika kwawo, anthu akumuyesa wamisala. M'zitsulo zimenezo, pamodzi ndi njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu, mudatuluka makina amphepo amene adayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Si mwana aliyense wotola waya adzakhale Kamkwamba, ndipo sitimupatsa dengu poyembekezera magetsi. Timamupatsa chifukwa nyumbayo ndi yakenso.

Mawa m'mawa, musanagwire tsache, tolani zimene zili kuseri kwa chitseko muziike m'dengu lakutha lija. Mwini wake akadzuka, mufunseni kuti n'chiyani, ndipo mumvetsere mpaka amalize kufotokoza.